Kodi ndine womangidwa? Yankho kwa mayi wa ku Angónia amene anauzidwa kuti ataye mankhwala

Funso

Abusa, ndine mayi wamasiye, ndimakhala kufupi ndi Ulongue, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndinabadwira ku Dedza makolo anga atathawa nkhondo. Ndakhala ndikumwa mankhwala a TARV, aja ochepetsa mphamvu ya kachilombo ka HIV, kwa zaka 7. Amuna anga anamwalira, mwana wanga wachiwiri anamwalira ali wakhanda, ndipo chaka chatha mbatata yanga ya kachewere inapserera m'munda ndi chiwawu. Mneneri wina amene anadzachititsa msonkhano kwathu anandiuza kuti ndili ndi temberero la ku mtundu, chifukwa bambo anga anagwidwa n'kukamenya nawo nkhondo ndipo anakhetsa magazi. Akuti ndipereke mbuzi ndi meticais 3,000 kuti andimasule, komanso nditaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Patha masabata awiri ndisakumwa. Ngati Yesu anandimasula, bwanji mavuto sakundichoka? Kodi ndine womangidwa?

Yankho

Mayi, zikomo kuti mwalemba. Safunsa anadya phula, ndiye mwachita bwino kufunsa zinthu zisanafike poipa. Ndiyamba ndi chimene sichingadikire, zinazo tikambirana modekha. Mawa m'mawa, osati sabata yamawa, tengani khadi lanu mubwerere kumene mumalandirira mankhwala. Mukawauze anamwino chilungamo, kuti mwatha masabata awiri osamwa, ndi chifukwa chake. Musachite manyazi. Nkhani ngati yanuyi aimva kambirimbiri, ndipo ngakhale wina atakukalipirani pang'ono, pirirani, bola mubwere ndi mankhwala m'manja.

Mankhwala a TARV sachotsa kachilombo m'thupi, amangokatsekereza kuti kasaswane. Kamabisala m'maselo ena a thupi kali phee, ndipo piritsi la tsiku ndi tsiku lija ndi limene limakapanikiza kuti kasadzuke. Munthu akamamwa mokhulupirika kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera osakaonanso, pa kuyeza kuja a ku chipatala amati carga viral. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Thupi labwerera, munthu akulima, akusenza thumba la chimanga, ndiye wina akamusanjika manja n'kunena kuti wachira, amavomera chifukwa thupi nalo likuoneka ngati likuvomereza. Koma akasiya, pakangotha masabata ochepa kachilombo kamayambanso kuswana, chitetezo cha m'thupi chimatsika, chifuwa chachikulu ndi matenda ena amapeza chitseko chili chotsegula. Choopsa china n'chakuti kumwa modumphitsa kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala, mapeto ake aja ankakuthandizani amaleka kugwira ntchito.

Ndikulemba molimba chonchi chifukwa ndinaikapo m'manda munthu amene sanayenera kufa nthawi imeneyo. Anali wotsogolera kwaya mu mpingo wina umene ndinkatumikira, bambo wa ana anayi, munthu amene akayamba nyimbo mawu ake ankamveka kutsidya kwa dambo. Ndinamva mphekesera kuti wasiya mankhwala atabwera ku mapemphero a kuphiri, koma ndinakhala chete poopa kuoneka ngati ndikulimbana ndi mtumiki mnzanga. Pamene ndinkapita kukamuona n'kuti ali gone pamphasa, akutsokomola, botolo la mapiritsi atalisomeka m'denga la udzu, lodzaza mpaka pakamwa. Anandiuza monong'ona kuti akuopa kulitsitsa, chifukwa Mulungu aona kuti wakayika. Tinamunyamula pa ngolo ya ng'ombe kupita ku chipatala, koma tinachedwa. Kukhala chete kwanga kuja kumandiwawa mpaka lero, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti pa nkhani iyi sindidzazungulira mawu.

Kodi kumwa mankhwala n'kukayika Mulungu? Tsegulani Yesaya 38. Mfumu Hezekiya anadwala pafupi kufa, analira, ndipo Mulungu anamulonjeza zaka 15 zoonjezera. Lonjezo litaperekedwa kale, mneneri Yesaya yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu zouma aziike pa chithupsa chake kuti achire. Mawu a Mulungu ndi mankhwala zinalowa m'nyumba imodzi popanda kukangana. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kudzera m'manja mwake, ankayenda ndi Luka amene anamutcha sing'anga wokondedwa, analangiza Timoteo za chimene angamwe chifukwa cha m'mimba mwake modwaladwala, ndipo pa 2 Timoteo 4:20 akunena poyera kuti anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Sananene kuti Trofimo anali ndi temberero kapena chikhulupiriro chochepa. M'Baibulo amene anauza munthu kuti adziike dala pangozi kuti Mulungu aonetse mphamvu ndi Satana, pamene anaimika Yesu pamwamba pa Kachisi n'kumuuza kuti adziponye pansi. Yesu anakana, nati Mulungu sayesedwa. Kumbukiraninso kuti Yesu akachiritsa akhate ankawatumiza kwa ansembe, amene pa nthawiyo ndiwo anali ndi udindo woyeza khate, kuti akawaone. Ntchito yoona ya Mulungu siopa kuyezedwa. Mtumiki amene amakuletsani kubwerera kwa dokotala ali ndi chimene akubisa.

Tsopano za bambo anu. Nkhondo ija inenso ndinaiona. Midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga inasanduka mabwinja, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anyamata ankagwidwa m'minda, m'misewu ndi m'masukulu, ena asanamere n'komwe ndevu. Zimene bambo anu anachita, ndi zimene anakakamizidwa kuchita mfuti ili kumsana, akuzidziwa ndi Mulungu, woweruza wolungama amene amaona zonse ziwiri. Mlandu umenewo suli m'manja mwanu, ndipo suli m'manja mwa mlendo amene wagona m'mudzi mwanu masiku atatu.

Vesi limene aneneri otere amakonda ndi Eksodo 20:5, lonena za kulanga ana chifukwa cha zoipa za makolo mpaka m'badwo wachitatu ndi wachinayi. Amalidula pakati. Likunena za iwo amene amadana ndi Mulungu, ndipo vesi lotsatira likuti chifundo chake chimafika kwa anthu zikwizikwi amene amamukonda. Koma chaputala chimene ndikufuna muwerenge mofatsa, ngakhale kawiri, ndi Ezekieli 18. Anthu amene Ezekieli ankawalalikira anali ochotsedwa kwawo ndi nkhondo, okhala m'dziko la eni, monga munabadwira inu ku Dedza. Anali ndi mwambi wawo woti makolo ndiwo anadya mphesa zosapsa, koma mano oyayamira ndi a ana. Aliyense amene anadyapo mango aawisi akudziwa kuti mano amayayamira a wodyayo, osati a mwana wake. Mulungu anaukana mwambiwo ndi lumbiro, kuti usadzanenedwenso mu Israeli, ndipo pa vesi 20 akunena mosabisa kuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake. Zimene anakuuzani mneneri uja ndi mwambi womwewo umene Mulungu analetsa, wangouveka malaya atsopano.

Ndipo ngakhale patakhala temberero, Agalatiya 3:13 akuti Khristu anatiwombola ku temberero pamene iye mwini anasanduka temberero m'malo mwathu pamtanda. Ndiye mbuzi ikalipira chiyani chimene magazi a Yesu analephera? Ahebri 10:4 akunena ndithu kuti magazi a ng'ombe ndi mbuzi sangachotse machimo. Za meticais 3,000 zija, werengani Machitidwe 8, pamene Simoni anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, muone mmene Petro anamudzudzulira. Elisa anakana mphatso za Namani atamuchiritsa khate. Yesu potuma ophunzira ake kukachiritsa odwala ndi kutulutsa ziwanda anawauza kuti analandira kwaulere, aperekenso kwaulere. Zimandipweteka mtima kuti amene amapemphedwa mbuzi nthawi zambiri ndi amayi amasiye, anthu amene Malemba amati mpingo uziwasamalira.

Sindikunena kuti nkhondo sinasiye kanthu m'mabanja mwathu. Inasiya. Tinaona abambo obwera kuthengo akudzidzimuka usiku n'kumakuwa, ena akumira m'kachasu, ena osayankhula chaka chathunthu. Ana obadwira kothawira anachedwa sukulu, makola a ng'ombe anatsala opanda kanthu, ndipo umphawi umenewo unatsikira kwa zidzukulu. Zimenezi ndi zilonda, si ngongole. Ngongole imafuna wolipira, pamene chilonda chimafuna wochitsuka ndi kuchimanga. Amene amakuuzani kuti chilonda chanu ndi ngongole amadziika yekha kukhala wolandira malipiro.

Nanga bwanji mavuto akutsatizana chonchi? Mtima wa munthu sufuna tsoka lopanda mwini wake, umafuna wina woloza chala. Mukukumbukira za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pochokera ku maliro. Mbiri inawanda msanga kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza bwinobwino anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wachimanga woonongeka umene anafululira mowawo, ndipo mayi amene anafulula nayenso anali m'gulu la omwalira. Yankho lofulumira linali lokhutiritsa khutu, koma linali labodza. Ophunzira a Yesu nawonso anafulumira chomwecho ataona munthu wobadwa wosaona, nafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yesu pa Yohane 9:3 anayankha kuti palibe mwa iwo, kenako analavulira pansi n'kukanda thope kuti amuthandize. Chiwawu cha mbatata chimabwera ndi chinyezi ndi kuzizira, chimagwira munda wa mkulu wa mpingo ndi wa munthu wosapemphera mofanana, ndipo za chimenecho mukafunse alangizi a zaulimi za mbewu ndi mankhwala opopera.

Zikanakhala kuti mavuto ndi chizindikiro cha kumangidwa, tikanati chiyani za abale athu a Chikatolika ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi? Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a chipani cha Ajezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dera lino, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku n'kuphedwa. Anali ndi mpata wochoka, koma anakhalabe ndi anthu awo pakati pa nkhondo. Palibe Mkhristu amene angayerekeze kunena kuti anafa chifukwa cha temberero la ku mtundu.

Ndifike pa funso lanu lenileni, loti ngati Yesu anakumasulani bwanji mavuto sakuchoka. Tiyeni tilowe m'ndende ya ku Filipi, pa Machitidwe 16. Paulo ndi Sila avulidwa zovala, akwapulidwa ndi ndodo pagulu, aponyedwa m'chipinda cham'kati, miyendo yawo yamangidwa m'zigologolo. Pakati pa usiku akupemphera ndi kuimba nyimbo, akaidi anzawo akumvetsera. Onetsetsani ndondomeko yake: anayamba kuimba chivomezi chisanabwere, misana ikutuluka magazi, asakudziwa ngati kukacha aphedwa. Kenako nthaka inagwedezeka, zitseko zinatseguka, maunyolo anamasuka, koma iwo sanathawe. Amene anasolola lupanga kuti adziphe ndi mantha anali mlonda wa ndende, munthu amene makiyi anali m'chiuno mwake. Ndiye ndikufunseni, mayi: usiku umenewo womangidwa anali ndani, ndipo mfulu anali ndani?

Pali kanthu kena m'nkhani yomweyi kamene ambiri amakadumpha. Mulungu amene anagwedeza maziko a ndende sanapoletse mabala a pamsana pa Paulo ndi chivomezi chija. Mabalawo anatsukidwa ndi madzi, ndi manja a mlonda uja, usiku womwewo. Namwino amene amakupatsani botolo la mapiritsi pa windo akugwira ntchito yomweyo.

Ufulu umene Khristu amapereka ndi wakuti mavuto alandidwa mphamvu yokuuzani kuti ndinu yani. Matenda angakhalepo m'magazi, koma alibenso mawu oti anene pa mlandu wanu pamaso pa Mulungu, pakuti Aroma 8:1 akuti palibenso kutsutsidwa kwa iwo amene ali mwa Khristu Yesu. Mukaona bwino, maunyolo amene akukulemerani masiku ano si kachilombo kaja, chifukwa mwakhala nako zaka 7 mukulima ndi kulera ana. Ndi mantha akuti Mulungu wakukwiyirani, manyazi, ndi kudziimba mlandu. Zimenezi zinakula liti? Mutamva mawu a mneneri uja. Ife a ku Angónia goli timalidziwa, timaona mmene limanyulira khosi la ng'ombe. Paulo pa Agalatiya 5:1 akuti Khristu anatimasula kuti tikhale mfulu, tisalolenso kukodwa m'goli la ukapolo. Chiphunzitso chilichonse muzichiyesa chonchi: kodi chikundisiya ndikuyang'ana kwa Yesu ndi mtima wokhazikika, kapena chikundisiya ndi mantha oti ndiyenera kubwereranso kwa munthu uyu ndi ndalama zina?

Musandimve ngati munthu wosakhulupirira machiritso. Ndimakhulupirira kuti mizimu yoipa ilipo ndipo dzina la Yesu limaigonjetsa, ndipo ndapemphererapo odwala amene anadzuka mondidabwitsa ine ndemwe. Yakobo 5:14 akutiuza chochita: wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Akulu a mpingo wanu, amene amadziwa khomo lanu ndipo adzakhalapo mawa, ndipo sipatchulidwa mtengo. Aitaneni. Pemphani machiritso molimba mtima, musachite kunong'ona. Koma yankho lili m'manja mwa Mulungu. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo anauzidwa kuti chisomo chimukwanira, munga uli pomwepo. Anyamata atatu aja a pa Danieli 3 anauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero iwo sagwadira fano. Chikhulupiriro chotere n'cholimba kuposa chija chofuna kukakamiza Mulungu ndi botolo lotayidwa m'chimbudzi.

Pali chinthu china m'kalata mwanu chimene mwachitchula mwachidule kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti ndi pamene pali bala lalikulu. Mwana wanu uja. Kwathu kuno khanda likamwalira maliro amakhala achangu, nthawi zina amayi okhaokha, ndipo make amauzidwa kuti asalire kwambiri. Misozi yoletsedwayo siuma, imangotsikira m'kati, ndipo patapita zaka munthu amayamba kudzifunsa kuti kapena ndinamupha ndine. Mawu akuti temberero akagwera pa mtima wotero amamera msanga ngati mbewu pa nthaka yonyowa. Mayi, muli ndi ufulu wolira mwana wanu ndi amuna anu pamaso pa Mulungu, mowatchula mayina. Salimo 13 likufunsa Mulungu kanayi kuti mpaka liti. Salimo 88 likuyamba ndi kulira ndipo likuthera mumdima, popanda aleluya kumapeto, koma Mzimu Woyera analola kuti likhale m'Baibulo kuti anthu ngati inu apeze mawu. Yesu analira pa manda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa. Ndipo atauka kwa akufa, thupi lake la ulemerero linali ndi zipsera za misomali, anachita kumuonetsa Tomasi. Kuchira kwa Mkhristu sikufafaniza zimene zinachitika. Chimene chimasintha n'chakuti bala lija limaleka kutuluka mafinya, ndipo tsiku lina mudzatha kulionetsa kwa mayi wina woferedwa kuti alimbe mtima.

Musayende nokha. Kali kokha n'kanyama. Mwina simukudziwa kuti magulu a GAAC, aja anthu okwana mpaka 6 amasinthana kukatengerana mankhwala ku chipatala, anayambira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 2008, a zaumoyo akugwira ntchito limodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, kenako anafalikira dziko lonse. Ine ndikawaona ndimakumbukira anthu anayi a pa Marko 2 amene ananyamula mnzawo wofa ziwalo n'kusasula denga kuti amufikitse kwa Yesu. Mukafunse ku chipatala ngati kwanuko kuli gulu lotere kapena lina lothandizana. Ku mpingo nako sankhani mayi mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi, osati gulu lonse, amene mungamapemphere nawo ndi kuwauza pamene mtima walemera.

Mu mpingo wina ndinkachezera gogo wina amene anayamba mankhwalawa ali kale ndi zidzukulu. Botolo lake ankalisunga m'kathumba ka chitenje limodzi ndi Baibulo ndi buku la nyimbo. Nkhuku zikamalowa m'khola, imene inali wotchi yake, ankakhala pakhonde, kutunga madzi m'chikho, kuika piritsi pachikhatho, n'kutsinzina kuthokoza monga amachitira pa nsima. Akatero ankameza. Ndinamufunsa tsiku lina chimene amanena m'pempherolo, ndipo anati amangothokoza kuti Mulungu wamupatsanso tsiku lina loti aone adzukulu ake. Mungayambe pamenepo mawa madzulo.

Mbuzi ija isiyeni m'khola, idzakuthandizani pa zofunika za ana kusukulu kapena pa mbewu. Wina akadzakunenani kuti mwabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro, simukuyenera kukangana naye, ingomuuzani kuti akawerenge Ezekieli 18 ndi Ahebri 10, mudzakambirane akamaliza. Ndikudziwanso kuti pa msonkhano uja simunali nokha amene munauzidwa zotaya mankhwala. Ngati mukudziwa wina, mugogodereni madzulo ano, mawa mukwerere limodzi chapa, minibasi ija. Akakakuyezani carga viral ndipo zotsatira zikatuluka, mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene zayendera, ndipo pakadali pano ndikukutchulani m'mapemphero anga.